Mmene mungamvetsere nyimbo za m'magemu pazokha popanda kutopa nazo

Munthu akamaliza gemu imene yamugwira mtima, kawirikawiri amathamangira pa intaneti, n'kupeza chimbale chonse cha nyimbo za gemuyo, n'kuchiika kuyambira nyimbo yoyamba. Asanafike pakati, chidwi chazilala. Ina yatha m'masekondi 20 isanafike kulikonse, ina ndi mphepo chabe ndi ng'oma yogunda apo ndi apo, pamene yokoma ija imene amaifuna ili kutali, mwina pa nambala 60. Amazimitsa, n'kunena kuti nyimbozi zimakoma m'gemu mokha.

Nyimbozo zilibe mlandu. Mukamasewera, gemu ndi imene imakusankhirani nyimbo yoti mumve, nthawi yoti muimve, komanso kangati. Mukangochotsapo gemuyo, ntchito yonseyo yagwera inu. Malangizo awa ndi othandiza kuti muigwire bwino, mpaka mukhale ndi mndandanda wanuwanu wa nyimbo 10 kapena 12 umene mungamve mwathunthu n'kufunanso kuubwereza mawa.

## Zofunika musanayambe

- Foni kapena kompyuta yokhala ndi malo osungira nyimbo.
- Mahedifoni kapena sipika imene imatulutsa besi. Siziyenera kukhala zapamwamba, koma kasipika ka pafoni sikakwanira.
- Malo opezera nyimbo movomerezeka, monga Spotify, Apple Music, YouTube, Bandcamp kapena Steam.
- Pulogalamu yoimbira nyimbo imene imalola kupanga mndandanda ndiponso kubwereza nyimbo imodzi.
- Pepala ndi cholembera, kapena polemba pa foni.
- Ola limodzi lopanda chosokoneza pa tsiku loyamba.

Ngati data ndi yoperewera, werengerani izi. Nyimbo zomveka pa 96 kbps (muyeso wa ubwino wa mawu) zimadya pafupifupi 43 MB pa ola, pa 160 kbps ndi 72 MB, ndipo pa 320 kbps ndi 144 MB. Vidiyo imadya kwambiri kuposa apa, choncho musamaonere chithunzi chongoima cha chikuto cha chimbale pamene mukufuna mawu okha.

## 1. Dziwani chimene mukufunira nyimbozo

Lembani chifukwa chimodzi: kugwira ntchito, kuyenda, kupumula madzulo, kuchita masewera olimbitsa thupi, kapena kungokhala pansi n'kumvetsera. Chimodzi chokha. Gemu imodzi imakhala ndi nyimbo za m'mudzi mwabata, za nkhondo, za pamaliro, za mantha, ndipo zonsezi zinapekedwa kuti zichititse mtima zinthu zosiyana. Nyimbo ya nkhondo cholinga chake n'kukudukhulitsani mtima kuti zala zifulumire. Mukaiika pamene mukuwerenga, muzingodzidzimuka.

Chenjezo: musapange mndandanda umodzi wa "zonse zokoma". Umenewo ndi umene umatopetsa msanga.

## 2. Sankhani gemu imodzi, kapena wopeka mmodzi

Ngati pali gemu imene munaisewera n'kuikonda, yambirani pamenepo, chifukwa nyimbo zake zili ndi pogwira m'mutu mwanu. Ngati simunasewerepo gemu iliyonse, palibe vuto. Nyimbo zambiri zimaima pazokha bwino lomwe, bola muyambire pa khomo loyenera.

Wofuna zabata ayese za Minecraft, zimene anapeka Daniel Rosenfeld, wodziwika ndi dzina loti C418. Chimbale choyamba cha gemuyi chinatuluka mu 2011, ndipo ndi piyano yoyenda mwapang'onopang'ono, yosiya mipata yambiri. Za Stardew Valley, za Eric Barone mu 2016, n'zosangalatsa koma zosasokosa. Wokonda gitala ndi zingwe zolira mwachisoni apite ku The Last of Us ya 2013, ya Gustavo Santaolalla wa ku Argentina, amene amaimbamo ronroco, kachida ka zingwe ka kumapiri a Andes. Wofuna gulu lalikulu la oimba ndi mavayolini ndi zitoliro, Journey ya Austin Wintory ya 2012 kapena Ori and the Blind Forest ya Gareth Coker ya 2015. Wofuna chuni chogwira pakamwa, choti n'kumachiimba mluzu, abwerere kwa akuluakulu a ku Japan: Koji Kondo wa Super Mario Bros. ndi The Legend of Zelda, Nobuo Uematsu wa Final Fantasy, Yasunori Mitsuda wa Chrono Trigger, ndi Yoko Shimomura wa Street Fighter II ndi Kingdom Hearts. Wofuna zaphokoso zoti thukuta lituluke, Doom ya 2016 ya Mick Gordon kapena Hades ya Darren Korb.

Ine ndikanati ndisankhire munthu amene sanamvepo chilichonse, ndikanamupatsa Journey. Imatha pafupifupi ola limodzi, ilibe tinyimbo tachabechabe, ndipo inakonzedwa kuti iyende kuchokera poyamba mpaka pomaliza ngati ulendo umodzi. Inafika mpaka popikisana nawo pa mphoto za Grammy, mphoto zikuluzikulu za nyimbo ku America, mu 2013, pa gawo limene nthawi zonse munkakhala nyimbo za mafilimu ndi za pa wailesi yakanema.

Chenjezo: musayambe ndi magemu asanu nthawi imodzi. Khutu limafuna nthawi kuti lizolowere kaimbidwe ka munthu mmodzi.

## 3. Pezani chimbale cholondola

Apa ndi pamene ambiri amasochera, chifukwa gemu imodzi imatha kukhala ndi zimbale zinayi kapena zisanu zosiyana. Posakasaka, lembani dzina la gemu ndi mawu akuti OST kapena original soundtrack. Chimenecho ndi chimbale cha nyimbo monga mmene zilili m'gemu. Mukaona mawu akuti arranged, orchestral kapena piano collections, dziwani kuti ndi nyimbo zomwezo koma zaimbidwanso mwatsopano, kawirikawiri n'cholinga chenicheni choti munthu azimvetsere atakhala pansi. Kwa woyamba kumene, zimbale zoimbidwanso zimakhala zosavuta. Za Final Fantasy zoimbidwa pa piyano yokha ndi chitsanzo chabwino: nyimbo zake n'zochepa, zosankhidwa kale, ndipo iliyonse ili ndi chiyambi ndi mathero.

Kumene mungazipeze kumadalira kampani. Square Enix inaika zimbale zambiri za Final Fantasy pa Spotify ndi Apple Music mu 2019. Opanga magemu ang'onoang'ono ambiri amagulitsa pa Bandcamp, kumene mumalandira mafayilo anuanu a MP3 kapena FLAC oti musunge. Kuyambira mu 2020, Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, imalola kugula chimbale popanda kugula gemu yake. Nintendo ndiye njira yake ndi ina: nyimbo zake zambiri simungazipeze pa Spotify, ndipo mu October 2024 inatulutsa pulogalamu yakeyake ya pafoni, Nintendo Music, ya okhawo amene analembetsa ku Nintendo Switch Online, umembala wolipira wa kampaniyo, komanso sipezeka m'mayiko onse. Mukasokonezeka kuti chimbale chenicheni n'chiti, tsamba la VGMdb limasunga mndandanda wa zimbale za magemu, mayina a opeka, zaka ndi nyimbo zonse zimene zilimo.

Chenjezo loyamba: mavidiyo amene anthu wamba amaika pa YouTube amachotsedwa nthawi iliyonse eni nyimbo akadandaula, ndipo mndandanda wanu umangotsala mabowo. Dalirani matsamba a kampani kapena a wopekayo. Chenjezo lachiwiri: ngati gemuyo simunaimalize, musawerenge mayina a nyimbo zakumapeto. Mayina ena amaulula amene amwalire kapena mdani weniweni. Nintendo Music ili ndi poti mubise nyimbo za gemu imene simunaimalize, koma kwina konse muyenera kudzisamala nokha.

## 4. Pepetani chimbalecho

Iyi ndiyo ntchito yaikulu, ndipo ndi imene anthu amaidumpha. Chimbale cha Final Fantasy VII cha 1997 chili ndi nyimbo 85 pa ma CD anayi. Cha Undertale, cha Toby Fox mu 2015, chili ndi nyimbo 101. Palibe amene anapeka zonsezo kuti zimvedwe motsatizana pa tsiku limodzi. Zinasonkhanitsidwa kuti pasatayike kalikonse.

Ikani nyimbo iliyonse kwa masekondi 45 kapena mphindi imodzi, n'kuika chizindikiro pa pepala lanu: yotenga, yokayikitsa, yosiya. Musaganize kwambiri. Siyani tinyimbo tatifupitifupi timene timalira munthu akapambana nkhondo, akapeza chuma kapena akagona, chifukwa timeneto ndi mabelu a m'gemu. Siyani nyimbo zimene zinapekedwa motsatira chithunzi china chake, zimene zimakwera ndi kutsika mwadzidzidzi popanda chifukwa chomveka ku khutu lokha. Siyaninso zimene ndi chuni chomwecho chosinthidwa pang'ono, pokhapokha kusinthako kukakusangalatsani.

Zokayikitsazo musazitaye. Magemu ambiri amakono ali ndi nyimbo zimene zimasintha malinga ndi zimene wosewera akuchita: mdani akayandikira ng'oma zimalowa, akachoka zimatuluka, mukalowa m'madzi zida zina zimazimiririka. Luso limeneli ndi lakale ndithu, kampani ya LucasArts inali nalo kale mu 1991 mu gemu ya Monkey Island 2. Poika nyimbo yotere pa chimbale, wopeka amalumikiza zigawozo kukhala nyimbo imodzi, ndipo nthawi zambiri imayamba mozizira, moto wake n'kudzabwera pa mphindi yachitatu. Mukaiweruza ndi mphindi yoyamba yokha mwaiphonya. Choncho pa zokayikitsa zonse, dumphirani pakati n'kumvanso masekondi 30 musanagamule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukamaliza, muyenera kutsala ndi nyimbo pakati pa 10 ndi 15. Zikapitirira 20, pepetaninso.

## 5. Zisanjeni

Mndandanda wabwino umatha mphindi 35 mpaka 45. Yambani ndi nyimbo yotsegulira gemu kapena ya pamalo oyamba, chifukwa imeneyo inapekedwa kuti ilandire mlendo. Tsatizani ziwiri kapena zitatu zoyenda mwakachetechete, kenako imodzi yamphamvu, kenako bwererani pansi. Yaikulu kwambiri ija, imene mumaikonda kuposa zonse, iikeni chakumapeto koma isakhale yomaliza. Pambuyo pake pafunika yodekha yoti mtima utsike.

Musaike za nkhondo ziwiri moyandikana. M'gemu, pakati pa nkhondo ndi nkhondo mumayenda, mumacheza ndi anthu, mumagula zida, ndipo bata limenelo ndi limene limapangitsa nkhondo yotsatira kumveka yoopsa. Pa mndandanda wanu bata lomwelo likufunikabe.

Zimitsani shuffle, imene imaimba nyimbo mosatsata dongosolo. Zimitsaninso crossfade, imene imalowetsa nyimbo yotsatira ina isanathe, chifukwa imadula mathero a nyimbo zodekha. Ngati mwasakaniza zimbale za zaka zosiyana, yatsani chofananitsira voliyumu: pa Spotify amachitcha normalize volume, pa mafayilo anu fufuzani ReplayGain. Popanda chimenechi, nyimbo ya m'ma 1990 imamveka chapansipansi, mukweza, ndiye yotsatira ya chaka chathachi n'kukuphulitsani makutu.

## 6. Mvetserani koyamba musakuchita china chilichonse

Ikani foni chafufumimba, valani mahedifoni, khalani pansi. Konzani voliyumu pa gawo laphokoso kwambiri la mndandandawo, osati pa gawo labata. Nyimbo za gulu lalikulu zimayamba ngati kunong'ona n'kudzamaliza ngati bingu. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumva mawu a ma decibel 80 (muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo mawu akakwera kuposa apo, maolawo amachepa mofulumira kwambiri.

Pomvetsera, sankhani chinthu chimodzi choti khutu lizichitsata. Pa nyimbo za makina akale zimenezi n'zosavuta, ndipo n'zokoma kwabasi. NES, makina amene Super Mario Bros. inatulukirapo mu 1985, inali ndi njira zisanu zokha zotulutsira mawu. Ziwiri zinkaimba chuni ndi mawu akuthwa, imodzi yofewa inkagwira besi, imodzi inkatulutsa phokoso loti "tss, tss" m'malo mwa ng'oma, ndipo yachisanu inali ya timawu tojambulidwa. Ikani nyimbo imodzi katatu. Koyamba tsatani chuni. Kachiwiri iwalani chunicho, mutsate besi yokha, mumve mmene ikudumphira pansi apo ngati ili ndi nyimbo yakeyake. Kachitatu mverani mawu achiwiri aja, amene nthawi zina amayenda limodzi ndi oyamba, nthawi zina amawatsatira m'mbuyo pang'ono kuti amveke ngati akubwerera kuchokera kuphanga. Pamenepo ndi pamene mumazindikira chifukwa chake kasipika ka pafoni sikakwanira: besi yofewayo imasoweratu, n'kutsala kulira kwakuthwa kokha kumene kumapweteka mutu. Game Boy inali ndi njira zinayi, Commodore 64 zitatu, Super Nintendo zisanu ndi zitatu. Anthu amene ankapeka pa makina otere analibe pobisala, chuni chikakhala chofooka chinkaonekera poyera. N'chifukwa chake zambiri mwa nyimbozo zimakomabe ngakhale zitaimbidwa pa piyano kapena gitala. Mu 2023 Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inaika nyimbo yaikulu ya Super Mario Bros. m'kaundula wake wa zojambulidwa zoyenera kusungidwa, ndipo inali yoyamba ya m'gemu kulowamo.

Pa nyimbo zamakono, tsatani chuni chobwerabwera. Opeka ambiri amapereka kachuni kwa munthu, malo kapena maganizo ena ake, n'kumakabweretsa mobisa m'nyimbo zosiyanasiyana. Mu Journey, chida chachikulu cha zingwe chotchedwa cello chimaimira wapaulendo mwiniyo, ndipo chuni chake chimodzi chimabwera chokha poyamba, kenako chozunguliridwa ndi gulu lonse, kenako chofooka pamene wapaulendo akulimbana ndi chisanu. Mu Undertale tichuni tochepa timabwera mobwerezabwereza, pena mwansangala, pena mwachisoni, pena mothamanga. Mukakagwira kachuni kotere koyamba m'nyimbo imene simunakayembekezere, thupi limachita tsembwe. Chisangalalo chimenechi wosewera amachiphonya kawirikawiri, popeza maso ndi zala zimakhala zatanganidwa.

## 7. Bwerezani

Nyimbo zambiri za m'magemu zilibe mathero enieni. Zinapekedwa kuti zizizungulira kwa nthawi yonse imene wosewera ali pamalopo, kaya mphindi ziwiri kaya ola. Pa chimbale amaziimba kawiri n'kutsitsa mawu pang'onopang'ono. Choncho mukamva nyimbo ikuzimiririka m'malo motha, si kuti fayilo yawonongeka.

Izi zili ndi phindu kwa inu. Nyimbo yopekedwa kuti imvedwe ka 30 osatopetsa ndi yabwino kwambiri pogwira ntchito yofuna kuika maganizo pamodzi, makamaka popeza zambiri zilibe mawu oti akukokereni kutali ndi zimene mukulemba. Sankhani imodzi yodekha, yatsani kubwereza nyimbo imodzi, muisiye iziyenda. Nintendo Music imalola kutalikitsa nyimbo zina mpaka mphindi 15, 30 kapena 60 popanda kaduka pakati.

Mndandanda wonsewo umveni kangapo m'sabata yoyamba musanasinthe kalikonse. Imene mumaidumpha nthawi zonse, ichotseni, n'kulowetsa ina kuchokera pa zokayikitsa zija.

## 8. Tambasulani

Mukakhutira ndi mndandanda woyamba, tsatani wopekayo, osati gemu. Amene anakonda Bastion ya 2011 adzamupezanso Darren Korb mu Transistor ndi Hades. Kenako fufuzani mmene ena anaimbiranso nyimbo zimene mwazidziwa tsopano. Zoimbaimba za Distant Worlds, zimene zinayamba mu 2007, zimaimba nyimbo za Final Fantasy ndi gulu lathunthu ndi kwaya, ndipo zinajambulidwa pa zimbale. Tsamba la OverClocked ReMix, limene lakhalapo kuyambira 1999, lili ndi nyimbo masauzande zoimbidwanso ndi okonda magemu, zaulere. Okonda kwaya asaphonye Baba Yetu ya Christopher Tin, Pemphero la Ambuye m'Chiswahili, imene inapekedwera gemu ya Civilization IV mu 2005 n'kudzaimbidwanso ndi Soweto Gospel Choir. Mu 2011 inakhala nyimbo yoyamba ya m'gemu kupata Grammy. Kuyambira mu 2023 mphotozi zili ndi gawo lakelake la nyimbo za magemu, ndipo mayina a opikisana chaka chilichonse ndi poyambira pabwino mukafuna zatsopano.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuika chimbale chonse pa shuffle. Kanyimbo ka masekondi 8 kamatsatana ndi nyimbo ya maliro, kenako nkhondo yomaliza, ndipo palibe imene imapeza mpata woti ikhazikike.

Kuweruza nyimbo za makina akale pa kasipika ka pafoni. Theka la nyimboyo simunalimve n'komwe.

Kufunafuna mmene munkamvera posewera. Nyimbo ina inakulizani chifukwa cha zimene zinkachitika pa sikirini, ndipo payokha ingamveke yopepuka. Pamene ina imene simunaiganizireko, ya m'kachipinda kamene munkangodutsamo, ndi imene imadzakhala yokondedwa. Lolani khutu lisankhenso mwatsopano, ngakhale zitasemphana ndi zimene mukukumbukira.

Kusunga nyimbo chifukwa ndi yotchuka. Ngati aliyense amaitama koma inu mumaidumpha, ichotseni.

Kugwiritsa ntchito nyimbo yomwe mumaikonda kwambiri ngati alamu yodzutsira kapena yolirira foni. Pakangotha masabata ochepa mudzayamba kuida.

Kuika nyimbozi m'mavidiyo anu a pa intaneti poganiza kuti za m'magemu zilibe mwini. Zili ndi eni ake, ndipo kugula chimbale kumakupatsani ufulu womvetsera basi. Makampani ena ndi opeka ena amalola, ena amachotsetsa vidiyo yonse, choncho werengani malamulo a mwini wake musanaike.

Kusiya mafayilo ogula opanda mayina olondola. Mukangodawuniloda, onetsetsani kuti fayilo iliyonse ili ndi dzina la nyimbo, la gemu, la wopeka ndi nambala yake pa chimbale, kenako sungani kope lina pa kompyuta kapena pa memori khadi. Zimbale za magemu zimakhala ndi nyimbo zambiri za mayina ofanana, ndipo mukasakaniza zimbale zitatu zopanda mayina, kuzilekanitsanso kumatenga tsiku lathunthu.